Njinga ya Mkamwini

Ndikadutsa pamunda wa tiyi wongodulidwa kumene, fungo la nthambi zonyowa limandibweretsera agogo anga aamuna, a Namakhwa. Ndimawaona atakhala pachitsa kuseri kwa nyumba m'mawa wa chiperoni, akunola mpeni wawo wokhota pamwala, utsi wa nkhuni za bulugama ukukwawa padenga la udzu, uku wezulo ya kufakitale ikuitana anthu kuntchito.

Tinkakhala pa esiteti ina ku Thyolo, m'masiku a Chitaganya. Agogo anali wodulira tiyi. Anabwera kuno ali mnyamata, wapansi, kuchokera kuseri kwa phiri la Mulanje, akuyankhula Chilomwe chokha. Chinyanja anachiphunzirira m'mizere ya tiyi. Kenaka anaphunzira kumata zidebe zobooka, kusoka nsapato, ndi kuweta njuchi. Agogo aakazi, amene tinkawatchula anganga, ankadandaula kuti m'nyumba mulibe poponda chifukwa cha zipangizo za maphunziro a amuna awo. Agogo ankangoyankha kuti, "Tiyi ukamusiya osamudulira amasanduka mtengo wachabe. Msamba wanthete umatuluka pamene padutsa mpeni."

Chaka china msana unawakana. Kudulira tiyi kumafuna kuwerama tsiku lonse, ndipo iwo akawerama ankalephera kuweramuka. Imeneyi sinali nkhani yaing'ono. Masiku amenewo a thangata, nyumba iliyonse ya pa esiteti inkayenera kutulutsa munthu wogwira ntchito. Ntchito ya bambo anga kufakitale inkateteza nyumba yathu yokha. Agogo akanasiya ntchito akanauzidwa kusamuka, kusiya nthochi zawo, mapeyala awo ndi ming'oma yawo ya njuchi, n'kukayambiranso kwa abale ku Thekerani.

Kapitawo wawo, a Chikopa, anawamvera chisoni. Anati mesenjala wonyamula thumba la makalata kupita kuboma akupuma pantchito mvula ikayamba, koma ntchitoyo ndi ya munthu wodziwa kupalasa njinga.

"Ndiidziwa," anatero agogo.

"Mumaidziwa?"

"Ndati ndiidziwa. Mvula sinagwe."

Anganga atamva anawomba m'manja. "Imvi zonsezi mukufuna mukafere pachitsulo? Anthu adzati chiyani pamaliro?"

"Adzati anafa akupita kutsogolo. Miyendo iyi inazungulira phiri la Mulanje, ingalephere kuzunguza timatayala tiwiri?"

Njinga inalipo. Bambo anga anabwera nayo kuchokera ku Halale, yakuda, yabelu lolira bwino. Vuto linali lakuti bambo anali mkamwini pakhomopo. Kwathu mkamwini sankayang'ana apongozi ake m'maso, sankadya nawo mbale imodzi, ndipo akakumana panjira ankapatukira patchire. Chiyambire ukwati wa makolo anga, amuna awiriwa ankayankhulana kudzera mwa anthu ena. Tsono pophunzitsana njinga, pakamwa pawo ndinali ine, mwana wa sitandade wani.

Tinkapita Lamulungu masana pakamsewu kofiira kodutsa pakati pa minda. Bambo ankaima patali, chipewa chili m'manja.

"Edi, uwauze agogo ako akwere kumanzere."

"Akuti mukwere kumanzere."

"Ndamva, ndili ndi makutu," agogo ankatero. "Uwafunse bambo ako, mwendo winawu ndiuike kuti?"

Kugwira chishalo inalinso ntchito yanga, popeza mkamwini sakanaika dzanja pafupi ndi pokhalira apongozi ake. Ndinkakankha ndi mphamvu zanga zonse, njinga n'kuyamba kuyenda, ine n'kutsala. Bambo ankati, "Uwauze agwire buleki!" Pofika poti ine ndifuule, agogo anali atalowa kale m'tiyi. Mwayi wake tiyi ndi wofewa pamwamba, wosalala ngati tebulo. Ankangogona chagada, miyendo m'mwamba, mawilo akuzungulira okha, iwo akung'ung'udza m'Chilomwe mawu amene amayi anandiletsa kuwabwereza.

Masabata anapita. Kutentha kunafika, nyenje zinayamba kulira m'mabulugama, mitambo inayamba kusonkhana madzulo. Agogo anali akugwabe, ndipo nthawi zonse ankagwera m'tiyi. Azimayi othyola tiyi anawapekera kanyimbo. Anganga anayamba kumanga mbewu zawo m'timapukusi mwakachetechete, ndipo tsiku lina ndinawamva akufunsa amayi ngati ku Thekerani nthochi zimabereka.

Lamulungu lina agogo atagwa mwachizolowezi sanadzuke msanga. Anatukula mutu pamwamba pa masamba n'kuyang'ana kumene kunali bambo. Bambo anali atatembenuka, akuyang'ana kuphiri. Ankatero nthawi zonse njinga ikangoyamba kugwedera, chifukwa si ulemu kuona apongozi akugwa.

"Edi," anatero agogo, "bambo ako amatembenuka chonchi tsiku lililonse?"

"Eya."

"Ndiye kuti chiyambire sanaonepo chimene ndimalakwitsa?"

Agogo anaseka mpaka tiyi yense anagwedezeka. Anadzuka, n'kudzisansa, n'kunena kuti lero basi, tiyeni kunyumba.

Mawa lake anganga analamulidwa kuphika kalongonda. Nyemba zimenezi zimaphikidwa tsiku lonse, madzi ake n'kumatayidwa kangapo, ndipo si chakudya chophikira munthu wamba. Madzulo, dzuwa lisanalowe, agogo anayala mphasa pansi pa mpeyala, n'kuika mbale imodzi pakati, n'kuitana okha ndi pakamwa pawo.

"Bambo a Edi, bwerani kuno."

Bambo anatuluka m'nyumba ngati munthu woitanidwa kubwalo la milandu. Anagwada patali.

"Sendezani. Sambani m'manja. Ulemu wanu ndauona zaka zonsezi, ndipo ndathokoza. Koma ulemu umenewu undisamutsa pano. Mphunzitsi woyang'ana kuphiri ndi mphunzitsi wanji? Kuyambira lero, pamsewu paja inu ndinu bambo, ine ndine mwana. Mundigwire, mundikalipire, ndikagwa museke."

"Pepani, bambo, kuseka kokha sindingathe."

"Muphunzira. Inenso ndikuphunzira."

Anganga anali pakhomo la khitchini, dzanja lili pakamwa. "Dziko latha," anatero. Koma anawonjezera kalongonda m'mbalemo.

Lamulungu lotsatira bambo anagwira chishalo okha n'kuthamanga pambuyo. Sipanatenge nthawi. Anaimitsa njinga, akupuma mwawefuwefu, ndipo koyamba pamsewupo ndinawamva akuyankhula ndi apongozi awo popanda ine.

"Bambo, mukuyang'ana kuti?"

"Kutsogolo."

"Ayi. Mukuyang'ana tiyi."

Zinali zoona. Munthu amene wadulira tiyi moyo wake wonse sangadutse pamunda osauyeza ndi maso. Agogo akangoyenda pang'ono, diso linkapita pachitsamba chodulidwa mokhota, mtima n'kuyamba kufunsa kuti wadula chonchi ndani, ndipo njinga inkawaperekeza komweko kuti akaone bwino.

"Njinga imatsata maso," anatero bambo. "Yang'anani chumuni cha fakitale. Tiyi musiyeni, ali ndi eni ake tsopano."

Ndikuganiza kuti mawu otsirizawo anawalasa agogo. Kenaka anakweranso, anatukula chibwano, maso pa utsi wa kufakitale. Bambo anathamanga nawo, n'kusiya chishalo osawauza. Njinga inapita yokha mpaka pamlatho. Pobwerera anagwera m'ngalande chifukwa kukhota anali asanaphunzire, ndipo bambo anayesetsa kudzigwira, koma phwete linawatuluka.

"Eya!" anafuula agogo ali m'ngalandemo. "Tonse takhoza!"

Tsiku loyesedwa linafika mvula yoyamba itagwa, msewu ukununkha dothi. Mzungu woyang'anira esiteti anaima pakhonde la ofesi ndi a Chikopa. Agogo anayenera kuchokera kumlatho n'kudutsa pamaso pawo. Akubwera chapatali, bambo anandigwira phewa mwamphamvu.

"Chipewa," ananong'ona. "Sindinawaphunzitse kusiya handulo."

Masiku amenewo munthu sankadutsa pamaso pa mzungu chipewa chili kumutu. Kuchivula kunkafuna dzanja, ndipo manja onse a agogo anali atakakamira handulo ngati agwira mbuzi yothawa. Anayandikira, maso ali pachumuni. Atafika pakhonde penipeni anagwedeza mutu kamodzi, mwamphamvu, chipewa n'kudumpha chokha kukagwera pamapazi pa a Chikopa. "Moni, bwana!" anatero, n'kuliza belu ndi chala chachikulu, n'kupitirira.

A Chikopa anatola chipewacho akupukuta misozi ya kuseka. Ntchito anapatsidwa. Anganga anamasula timapukusi tawo n'kukabzala mbewuzo kuseri kwa nyumba yomweyo, ndipo pasanapite chaka iwo omwe ankakhala pakaliyala popita kuchigayo, akulangiza woyendetsa njira yonse. Agogo nawo, poti ankanyamula makalata osadziwa zolembedwa pamwamba pake, anayamba kundibwereka sileti.

Lero inenso imvi zayamba. Mwezi wathawu mwamuna wa mwana wanga wayamba kundiphunzitsa kuyendetsa galimoto. Ndi mnyamata waulemu kwambiri. Ndaona kuti galimoto ikandizimira pakati pa msewu, iye amayang'ana kunja pawindo, ngati kuli chinthu chosangalatsa kuphiri.

Ndawauza mayi akunyumba kuti Lamulungu lino aphike kalongonda.