Amalume Ankayambira Kumapeto

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndidatsimikiza mumtima kuti padziko lonse palibe munthu wodziwa kuwononga nkhani kuposa amalume anga a Damiyano. Ndakula, ndaphunzitsa ana asukulu mpaka imvi zatuluka, koma ndikawakumbukira ndimayamba ndapsa mtima kaye, chisoni chimabwera pambuyo.

Tinkakhala ku Ntengo-Wambalame, m'zaka zomalizira za nkhondo. Bambo anga adatengedwa ali kumunda ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu, ndipo chichokereni sitidamvenso za iwo. Amayi sadalire mokuwa ngati akazi ena. Adangozima. Ankalima, ankaphika, koma chakudya ankangochigwiragwira n'kuchikankhira kwa ife, ndipo mwezi ndi mwezi chitenje chinkanka chiwakulira. Kutchalitchi adasiya. Kuchitsime ankapita anzawo atachokako. Tonse tinkaona kuti munthuyu akutithawa pang'onopang'ono, ndipo tinkaopa kuti mvula ikadzabweranso sidzawapeza. Nthawi yokhayo imene ankakhala pafupi ndi anthu inali Lamulungu masana, pamene amalume, mlongo wawo wamkulu, ankabwera kudzatifotokozera zimene aonera sabata imeneyo.

Amalume ankasenza mbatata ya kachewere Loweruka lililonse kupita nayo kumsika wa kutsidya, ku Malawi. Kumeneko munthu wina adamanga chisakasa chokuta ndi mapulasitiki akuda, n'kuikamo kanema woyendera injini. Amalume akagulitsa mbatata ankalowa m'menemo. Kwathu kunalibe wina amene adaonapo filimu, choncho Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ana a m'mudzi monse ankadzaza pakhonde pathu. Zinkayenera kuchitika dzuwa likadali pamutu, chifukwa likapendeka tinkapinda mabulangete kukagona kuthengo poopa anthu a mfuti. Amayi ankakhala chapatali, atatifulatira pang'ono, lichero la nyemba lili pamiyendo.

Munthu wanzeru nkhani amaiyambira poyambira. Amalume ayi. Ankakhala pamtondo wogadabuza, kupichira fodya wawo mosafulumira, kutsokomola, kenaka n'kunena mokweza ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo:

"Puronto, takonzeka. Wa mufilimu ya sabata ino adabwerera kwawo. Adam'menya, adam'ponya m'madzi, koma adafika, mkazi wake n'kumuphera nkhuku. Tsopano tiyambe."

Tiyambe chiyani? Chatsala n'chiyani? Ankati akafika poti munthu uja akulendewera pachingwe pamwamba pa phompho, anzanga onse atagwira pakamwa, ine ndinkangokhala ndwii, podziwa kuti kutsogoloku kuli nkhuku. Sabata ina adatiuza za munthu womenya adani ake ndi mapazi. Adabwerera kwawo. Sabata ina za wokwera hatchi wovala chipewa chachikulu. Adabwerera kwawo. Ngakhale wina amene sitima yake idamira pakati pa nyanja yamchere, popanda ngakhale chitsa chogwira, adabwerera, nkhuku n'kuphedwa. Tsiku lina ndidawafunsa ngati azungu amaweta nkhuku zokwanira mafilimu onsewo. Adandiyankha kuti pakamwa pangapa padzathamangitsa aliyense wofuna kundikwatira.

Masabata amene njira inali yoopsa, osapita kumsika, ankatifotokozera za m'buku. Tinali nalo limodzi lokha, la Chipwitikizi, limene mphunzitsi wina adasiya pothawira ku Tete. Ine ndinkaliwerenga movutikira, chala chili pa liwu lililonse. Inali nkhani ya wamalonda wina amene adasochera m'chipululu. Koma mapepala opichirira fodya adasowa m'dziko, ndipo amalume adayamba kuthothola bukulo. Kuyambira kuti? Kumapeto! Ine ndinkathamanga kuwerenga kuchokera kutsogolo, iwo akusuta kuchokera kumbuyo, mpaka tidakumana pakati, wamalonda uja ali gone pamchenga madzi atamuthera.

"Amalume, mwasuta mathero a livulu!"

"Kalima, ugwire mtima, Mena. Ndidawerenga ndisanasute. Adabwerera kwawo."

"Ndi nkhuku?"

"Tambala weniweni."

Tsiku limenelo ndidalira ndi mkwiyo. Chimene ndinkafuna sichinali chachikulu: kumva nkhani imodzi yokha mtima uli m'mwamba, osadziwa kumene ikupita. Ndinkaona ndithu kuti Lamulungu amayi ankadyako pang'ono, koma ndinkati n'chifukwa cha mchere umene amalume ankabwera nawo kuchokera ku Malawi.

Ndidayamba kuwaumiriza kuti anditenge. Ndidawalondola kumunda, kudimba, kukhola la ng'ombe, mpaka adati ndawaboola m'makutu. Mwayi udapezeka pamene akazi awo adadwala mwendo, dengu lachiwiri n'kusowa wosenza. Tidanyamuka kukucha, chisanu cha kwathu chikuluma zala, nkhungu itaphimba mapiri. Msewu tidaupewa chifukwa cha mabomba okwirira pansi, ndipo adandiuza kuti ndiziponda pamene iwo aponda. Pofika kumsika khosi langa linali litauma, koma sindidadandaule. Mbatata itatha, tidawerama n'kulowa m'chisakasa chija.

M'katimo munali motentha, munkanunkha thukuta ndi utsi wa injini. Kanema amene ndinkamulota usana ndi usiku anali kabokosi kosaposa lichero, ndipo anthu ake ankalankhula chinenero chimene palibe ndi mmodzi yemwe ankachimva. Koma sindidaphethire. Ndidaona asilikali akufika pakhomo pa munthu wina, kumutenga mkazi wake akuona, kupita naye kumapiri ozizira kukaswa miyala. Ndidamuona akuwonda, akumenyedwa, kenaka akuthawa. Mtima wanga unkagunda mpaka m'makutu. Ichi n'chimene amalume ankandibera sabata ndi sabata! Munthu uja atayandikira mtsinje wa kwawo, ndidamva dzanja paphewa.

"Tiye, Mena. Dzuwa lapendeka."

"Isanathe?"

Mwini chisakasa, amene ankaima pakhomo, adaseka. "Musiyeni mwanayo aone, achimwene. Inu chiyambireni kubwera kuno simudaonerepo ndi imodzi yomwe mpaka kumapeto."

Ndidatembenuka kuwayang'ana amalume. Iwo adayang'ana kudenga. Nkhuku zonse zija! Tambala uja! Ndidakumbatira nsanamira ya chisakasa ndi manja onse awiri, n'kuwauza kuti akafuna andidule mikono. Adausa moyo, nakhalanso pansi, maso ali kukhomo kumene kuwala kunkafiira.

Munthu uja adafika pamlatho. Patsidya pankaoneka nyumba yake, utsi ukufuka. Adayamba kuthamanga, ndipo ali pakati pa mlatho adamuwombera kumsana. Adagwa chafufumimba, osadzukanso. Mkazi wake anali m'nyumba akusoka, osadziwa kanthu. Kenaka padayamba kukwera zilembo, anthu n'kuimirira kumadzikung'untha m'mbuyo.

M'njira amalume ankathamanga ndi dzuwa, ine ndikuwatsatira ndi pakamwa. Chisoni cha munthu wa pamlatho ndinali nacho, koma mkwiyo unkachiposa.

"Mwakhala mukutinamiza! Ana onse aja, ndi amayi omwe!"

"Ine ndimaonera mpaka pamene dzuwa landilola," adatero osatembenuka. "Zotsalazo ndimamalizira m'njira muno."

"Ndiye bwanji mumayambira bodzalo? Osalisunga kumapeto bwanji, kuti tizimvako kukoma?"

Akuyendabe adati, "Mawa ufotokoza ndiwe. Uyambire pamene ukufuna."

Ndidagona kuthengo usiku umenewo ndikusanja nkhani yanga. Ndinkati ndiwaonetsa mmene munthu amafotokozera filimu: kuyambira pakhomo, kudzera kumapiri, kuwakoka pang'onopang'ono mpaka pamlatho, kuti akadzamva kulira kwa mfuti aliyense adzadzidzimuke monga ndidadzidzimukira ine.

Lamulungu masana ndidakhala pamtondo paja. Ana adadzaza kuposa masiku onse, atamva kuti Mena wakaona ndi maso ake. Amalume adakhala pansi, atatsamira chipupa. Amayi anali pamalo pawo, ndipo nyemba zinkamveka m'lichero, waa, waa. Ndidayamba bwinobwino. Ndidafotokoza nyumba ya munthu uja, mkazi wake, galu wawo. Ndidafika poti asilikali aima pakhomo, amugwira, akupita naye.

Lichero lidaleka kulira.

"Mena," adatero amayi, osadzutsa mutu. "Adabwerera?"

Panali patapita miyezi asadalankhulepo pamaso pa anthu. Ana ena adayamba kung'ung'udza kuti musafunse, m'lekeni afotokoze. Ine ndidayang'ana amalume kuti andithandize, koma iwo anali kalikiliki kunyambita pepala la fodya, ngati nkhaniyo sikuwakhudza. Ndidayang'ananso amayi. Manja awo anali ataima m'nyemba, ndipo ndidaona koyamba mmene mikono yawo idatheramo, mafupa okhaokha. Sankapuma. Ankadikira ine.

Ndisaname, ngakhale pamenepo mtima udandiwawa. Inali nkhani yanga yokhayo. Ndidaisenzera mbatata, khosi linali likupwetekabe, ndidaikumbatirira nsanamira. Ndipo tsopano ndiitaye ndi pakamwa panga pomwe, ndisanafike nayo ngakhale kumapiri.

"Adabwerera, amayi," ndidatero. Mawu adatuluka aang'ono, ndiye ndidabwereza mokweza, monga ankachitira amalume. "Adabwerera kwawo. Adavulala pamlatho, koma adakwawa mpaka adafika pakhomo."

"Nanga nkhuku?" adafunsa amalume, maso ali pa fodya wawo.

Ndidawayang'ana ndi diso loti tikumana. "Ziwiri."

Nyemba zidayambanso kulira m'lichero. Ndidapitiriza nkhani yanga yowonongeka, ndipo pamene ndinkafotokoza za kumapiri, kuswa miyala ndi zikwapu, amayi sadachoke. Adamvetsera zonse, chifukwa ankadziwa kumene tikupita. Masana amenewo adadya, namaliza, mpaka adapempha madzi. Mchere unali womwewo wa masiku onse.

Kuyambira pamenepo tinkasinthana ndi amalume, ndipo sindidasiye kukangana nawo. Ndinkawauza kuti asinthe ndiwo, mwina mbuzi, mwina nkhunda, poti anthu adzatulukira. Ankakana. Ankati filimu yopanda nkhuku si filimu.

Nkhondo itatha, ndili mtsikana wamkulu, ndidawaulula amalume kwa amayi, ndikuyesa kuti amayiwo adzadabwa. Adaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ukuyesa sindinkadziwa? Achimwene aja bodza saliyeza, amangothira. Koma m'mudzi monse anthu ankaopa kutchula mawu amenewo pamaso panga. Ena adayamba kale kundiyang'ana ngati wamasiye. Ndinkafuna munthu mmodzi awanene mokweza, kamodzi pa sabata. Ndipo mwana wanga, ndinalibe mphamvu yodikira mpaka nkhani ithe."

Lero ndimaphunzitsa ku Furancungo, ndipo Lachisanu lililonse ndimawafotokozera ana buku limene ndawerenga kapena filimu imene yandisangalatsa sabata imeneyo. Ndimayambira poyambira, ndipo mwana wofuula mathero ndimam'tulutsa kunja, chifukwa khalidwe limeneli ndimadana nalo mpaka pano. Koma ndisanayambe ndimayang'ana nkhope zawo kaye. Kusadziwa kumene nkhani ikupita kumakoma kwa munthu amene kwawo onse alipo. Wina amabwera ali kale ndi nkhani yake yosatha, ndipo sungamusenzetse inanso. Ndikaona nkhope yotero, ndimayambira kumapeto.

Za bambo anga ndakusungirani mpaka pano, monga ndinkafunira kuti amalume azichitira. Sadabwerere. Amene adabwerera ndi amayi.