Mtsikana wa Buluku M'galasi

Mpaka lero ndikamva fungo la matemba ouma a ku Chiuta, ndimakumbukira kabokosi kotuwa kamene bambo anabwera nako chilimwe chija ndili Sitandade 3. Kanali ka gemu, masewera a pa kanema. Anakagula kumalire ku Nayuchi, n'kukakwirira pansi pa thumba la nsomba za geni yawo kuti kadutse pa sitima mpaka kwathu ku Balaka. Fungolo silinachoke. Ngakhale mabatani ake ankanunkha matemba.

Bambo ankaonetsa vidiyo m'chipinda chakuseri, ndipo kaseti iliyonse inkayenera kuyamba yaonedwa ndi a boma, n'kuikidwa chidindo. Koma kabokosi aka kanalibe chidindo, m'masitolo simunkapezeka, ndipo panalibe wodziwa kokapempha chilolezo chake. Bambo ankafuna kukagulitsa kwa aphunzitsi kapena akalaliki a m'tauni, kenaka akatenge tina.

Atakalumikiza ku kanema, m'galasimo munatuluka mtsikana woponya zibakera, atavala buluku. Buluku! Masiku amenewo mkazi akavala buluku ankagwidwa. Amayi anatseka zenera, anatseka chitseko, kutentha konse kuja.

"Mwatibweretsera chiyani, bambo a Asiyatu? Akamva a chipani mukayankha chiyani?"

Bambo anangoseka. "Iyayi, ndi chidole chabe ichi."

Amayi sanaseke. Anang'amba chitenje chakale, anaphika phala la chinangwa, n'kumata nsaluyo kumunsi kwa galasi kuti miyendo isamaoneke. Koma mtsikanayo ankalumpha. Ukangodina batani, uyo pamwamba pa chitenje, buluku yense poyera. Ine ndinkaseka mpaka misozi, ndikudinanso, ndikudinanso.

Ogula ankabwera masana, mmodzimmodzi. Ankasewera pang'ono, n'kutembenuza kabokosiko kufuna chidindo, n'kuyang'ana chitenje chija, basi n'kutsanzika mwaulemu. Palibe anabwerako kachiwiri. Nthawi yonseyo amayi ankakhala pakhonde ndi lichero, kusankha mpunga womwewomwewo, maso ali kumsewu. Anaonda chilimwe chimenecho, mipango yawo inkachita kuwalendewera.

Tsiku lina kumjigo, mkazi wa tcheyamani wa chipani anawafunsa akumwetulira, "Kodi anzathu, kwanu kukumalira chiyani ngati timbalame?" Amayi anabwerera ndowa isanadzaze. Anamatula chitenje chija pagalasi, anakulungamo kabokosiko pamodzi ndi mawaya ake, n'kukaponya m'chimbudzi. Ndinamva kugwa kwake ndili panja. Bambo atabwera kuchokera ku mzikiti anaona galasi lili mbee, anakhala pampando wawo, kenaka anangoti, "Chabwino." Sabata yotsatira anabwerera ku geni ya nsomba.

Ndinawakwiyira amayi mwezi wathunthu. Ndinkati munthu wamkulu angaope bwanji chidole. Pano ndili ndi mwana wanga kumsana, ndipo galimoto yachilendo ikangoima pafupi ndi nyumba ndimapezeka ndaimirira kale, ndikuyang'ana kumene kuli bambo ake. Amayi sankaopa mtsikana wa buluku ayi. Ankaopa kudzaona mpando uja wopanda munthu.