Mphira pansi pa wailesi ya agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, a Tembo, ndimamva fungo la mphira wopsa, chifukwa Loweruka lililonse ankakhala pakhonde la nyumba yathu ku Lubuto atawotcha mpeni pa mbaula, n'kumadula timapazi toika pansi pa shelefu ya wailesi yawo, utsi wakuda ukulowa m'zovala zimene ambuya, akazi awo, anayanika.

Wailesiyo anaigula akugwira ntchito mumgodi ku Kitwe. Inali ndi galamafoni yoimba mbale zakuda, ampulifaya, ndi masipika awiri otalika ngati ine, zonse atazisanjika pa shelefu imodzi yachitsulo yowotcheretsa ku Masala. Vuto linali singano. Nyimbo ikafika pokoma, singano inkadumpha, ndipo agogo ankatembenuka kufuna wolakwa. Poyamba anali malole a pamsewu. Kenako mtondo wa ambuya, mpaka anayamba kukasinjira nsinjiro kwa aneba. Kenako ife adzukulu, moti tinkadutsa pabalaza monyang'ama.

Ankati shelefu ikumva kunjenjemera kwa pansi, ndiye ikufunika kuponda pofewa. Anayesa lamba wakale wa makina a kumgodi, nati ngwolimba kwambiri. Anang'amba siponji ya khushoni, nati yafewetsa. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza mpira wanga wa tenesi, umene tinkaseweretsa ndi anzanga, uli mapisi awiri pansi pa miyendo ya shelefu. Nditalira anandiuza kuti ndimvetsere mmene besi yakhalira bwino. Singano inadumpha pomwepo.

Chimene tonse tinkadziwa n'chakuti makina a mumgodi anawagonthetsa makutu. Ankakweza wailesi mpaka mawindo kulira, ndipo masipika aja ndiwo ankagwedeza shelefu yonse. Malume atayesa kunena, agogo anawafunsa ngati anatsikako pansi pa nthaka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zinafika poipa atadula patapata wa ambuya, watsopano, amene mlongo wawo anawatumizira kuchokera ku Chipata. Ambuya anamufunafuna pansi pa bedi, kubafa, mpaka anawerama pabalaza n'kuona timabwalo tabuluu pansi pa chitsulo. Sanakalipe. Anamanga zovala mu chitenje, nati mawa akupita kwa amayi aang'ono ku Kitwe, popeza chotsala kudulidwa m'nyumba muno ndi iwo. Ine mantha anandigwira, poti anatilera ndi ambuyawo, ndipo agogo sankadziwa ngakhale pokhala mchere.

M'mawa mwake, agogo atapita ku Misa, ambuya anati sangasiye nyumba yakuda. Popaka polishi anatsitsa masipika, n'kuwaika pansi, kutali ndi shelefu, ndipo sanawabwezere. Agogo atabwera anang'ung'udza pang'ono, koma anaika mbale. Inaimba mpaka kumapeto osadumpha. Anaika ina, chimodzimodzi.

Anatuluka kukaitana aneba. "Umfweni mukwai," anatero m'Chibemba, kuwauza kuti amvetsere, akuloza zidutswa za patapata. Anafotokoza kuti mphira wa patapata ndiye woyenera, wosalimba, wosafewa, ndipo iwo anadziwa kalekale.

Ndinathamangira kukhitchini mtima ukuwawa, kukauza ambuya kuti ndikaulula za masipika aja. Ndinawapeza akumasula chitenje chija.

"Usayerekeze," anatero. "Ukawauza, ayambanso kufuna china chodula."

Agogo anamwalira akukhulupirirabe zimenezo, atalangiza theka la Lubuto kudula patapata. Ambuya alipo, ndipo ndikawakumbutsa nkhaniyi amangoseka. Ine sindiseka. Ku ofesi kwathu ku Kansenshi amati ndine wamkamwa, chifukwa munthu akayamba kudzitama ndi ntchito imene wagwira wina, sindidikira kuti msonkhano uthe. Ndimatchula dzina la amene waigwira, aliyense akumva.