Pogona pa Maselo a Mwanaidi

Tsiku lomwe kafukufuku wake anakanikanso, Mwanaidi anadya chapati yake yekhayekha pamasitepe a labu ku Dar es Salaam, misozi ili lengelenge. Analibe womuimbira foni. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono.

Ntchito yake inali yoweta maselo oteteza thupi m'timbale tapulasitiki, kuti aone zomwe amachita akakumana ndi matenda. Koma maselo akewo ankalusa asanaone n'komwe kachilombo koyambitsa matendawo, ngati agalu ouwa mphepo.

"Atengera mwini wake amenewo, ndewu basi!" anzake ankatero popita kukadya, osamuitana.

Pulofesa Kimaro, womuyang'anira, sanapite m'mbali. "Mwanaidi, ukabweranso ndi zomwezi, malo ako tipatsa wina."

Chipongwe cha anzakewo chinamulasa mtima chifukwa munali choonadi. Analidi wandewu kale. Kwa azakhali ake ku Tanga ankagona pasimenti popanda mphasa, n'kumadzuka thupi lili phwanyuphwanyu, wokonzeka kumenya aliyense womukhudza.

Atabwerera mkati anagogoda kambale kamodzi ndi chala. Kanali gwa, ngati simenti ija. Maselo amenewa kwawo ndi mumnofu wofewa, koma iye ankawagoneka pouma chifukwa aliyense mulabumo ankatero, popanda wofunsa.

Anayamba kuwakonzera jeli wofewa woti azikhalapo. Woyamba anangochita madzi. Wina analimba ngati chikopa, wina n'kuchita nkhungu. Loweruka ndi Lamlungu ankagwira yekha, womuyankhula ali firiji yolira pakona. Kusungulumwa kunamudya, koma sanaleke.

Tsiku lina anasuzumira m'makina oonera tizinthu ting'onoting'ono, n'kupeza maselo a pofewa ali phee. A pouma anali akulusabe. Atathira kachilombo, ofatsa aja ndi omwe anadzuka n'kugwira ntchito yawo bwinobwino.

Pulofesa anasuzumira nthawi yaitali. "Iwe, wawapatsa mankhwala anji?"

"Palibe, a Pulofesa. Ndangowayalira."

Malo ake sanapatsidwe wina. Lero Mwanaidi ali ndi ophunzira akeake, ndipo palibe mmodzi yemwe amadya yekha pamasitepe.

Inu amene anthu akutchani ovuta, olephera, osaphunzitsika, musathamangire kuvomera. Mwina vuto si inu, koma pomwe moyo unakugonekani mpouma. Mwanaidi palibe anamuyalira, anachita kuphunzira yekha. Osataya mtima, inunso mungathe.