Mitengo Itatu Imene Ndinadula Yoperewera

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene khoma la nyumba yathu kwa Kanduku linayamba kupendama. Matipate anali atangobwera kumene, ana onse akuthamangira sukulu yaulere, koma ine ndinali nditaisiya kale Sitandade 4. Bambo anali atamwalira, n'kutisiyira nyumba ya zidina ndi tepi yawo yoyezera. Mwamuna pakhomo ndinatsala ndekha, ndipo ndinkadzimva, osanama.

Mvula inagwa sabata yathunthu. Pamwamba pa khoma panatuluka mng'alu wopingasa, woti chala n'kulowa. Ukaika khutu unkamva dothi likuyoyoka mkati. Amayi anati ndikadule bulugama tichirikize khomalo.

Achemwali anga a Esinati, amene anali Fomu 3, anatenga tepi ija. Pansi ponse panali matope okhaokha. Malo olimba oti mtengo n'kupondapo linali thanthwe, mamita atatu kuchokera pakhoma. Kuti mtengowo ukagwire pamwamba pa mng'alu, analinso mamita atatu kukwera. Anatola khala n'kuyamba kulemba pachitseko.

"Naini ndi naini, eyitini. Tikufuna nambala yoti ukaichulukitsa ndi yokha ikupatse eyitini. Folo apereka sikisitini, faifi apereka twente-faifi, ndiye ili pakatipo. Kusukulu timati sadi, nambala yosatha. Ikubwera folo poyinti thuu ndi zinyenyeswa. Ukadule folo ndi hafu, wamva iwe Layitoni?"

"Nambala yosatha ya chiyani? Mtengo umatha, achemwali!"

"Ukadule folo ndi hafu basi."

Zinandinyansa. Munthu wosagwirako chikwanje akundiuza ine za mitengo? Kuphiri kunali koterera, bulugama wamuwisi ndi wolemera ngati mwala, wosenza ndine ndekha. Ndinayeza mamita anayi ndendende n'kudula. Itatu yonse. Poyinti thuu n'chiyani? Chikhatho chimodzi chokha.

Nditaiimika pathanthwe, mitengo inakagunda khoma kumunsi kwa mng'alu. Sinafike. Ndinayang'ana uku ndi uku. Achemwali anali kusukulu, amayi kudimba. Ndinaikoka kuichotsa pathanthwe, n'kuiponda m'matope, n'kuika zibenthu za njerwa pansi pake, kenako ndinakwirira ndi dothi kuti pasaoneke. Amayi atabwera anati, "Bambo ako enieni." Ndinamwetulira. Chitsiru.

Tsiku lililonse ndinkapita kukasuzumira. Lachitatu mtengo wapakati unali utamira chala chimodzi. Lachinayi zala zitatu. Mbuzi zinasiya kuusa m'mbali mwa khomalo, ngakhale mvula ikugwa. Lachisanu ndinagwira mtengo umodzi, unagwedezeka ngati dzino lovunda. Ndinkadziwa. Musandinamize kuti ndinali mwana, ndinkadziwa bwinobwino. Kunena kunali kuvomera kuti mtsikana wa makope uja ananena zoona, ndiye ndinatseka pakamwa.

Loweruka masana kunada ngati kwathiridwa phulusa. Mphepo inaima. Achemwali anakhala mkati, pawindo la khoma lomwelo, akuwerenga, chifukwa m'pamene pankalowa kuwala. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti, "Bwanji mukakhale kukhitchini?"

"Chifukwa chiyani? Si unachirikiza?"

Ndinapita kukamanga mbuzi. Mvula inayamba, ndipo ndisanamalize mfundo yachiwiri ndinamva phokoso. Silinali lalikulu ayi. Linali ngati munthu wagwetsa thumba la chimanga. Khoma linagwera kunja, mtanda wa denga unagwera mkati, pa ntchafu ya achemwali.

Tinawanyamula pamachira mpaka kumsewu, kenako pikapu mpaka kuchipatala kuboma. Anagona kumeneko miyezi iwiri. Sukulu inathera pomwepo. Tsiku lina amayi atatuluka kukatunga madzi, achemwali anandiyang'ana.

"Unadula mamita angati?"

"Anayi."

Anangotembenukira kukhoma. Amayi anamwalira akunena kuti inali mvula. Achemwali sanawauzepo, mpaka lero sananenenso kwa ine. Bola akanandimenya.

Panopa ndine mmisiri womanga nyumba pa Mwanza pano. Masamu a pabolodi sindiwadziwa, koma ruti ya eyitini, nambala yosatha ya achemwali ija, ndimaidziwa kuposa tsiku langa lobadwa. Anthu amati ndine wankhanza pantchito. Anene. Munthu akandiuza kuti "chaperewera pang'ono chabe, bwana", ndimamulanda tepi n'kumulozera msewu. Nambala ija siitha, mtengo umatha, ndiye wodula aziwonjezera, osachotsera. Ndinaphunzira zimenezo ndi mwendo wa munthu wina.

Achemwali amagulitsa tomato mumsika. Madzulo ndimawaona akukwera kamtunda kopita kwawo, phewa likutsika, likukwera. Adokotala anati mwendowo unafupika pang'ono chabe.