Nsalu imene ndinamanga kuseri kwa golo

Chizindikiro choyamba chinali phewa. Lolemba m'mawa, ndikutula chidebe cha madzi pakhomo pathu ku Nabvutika, ndinamva kubaya pansonga ya phewa lakumanzere, ngati wina walowetsapo singano yosokera masaka. Ndinayang'ana pagalasi, panalibe bala kapena chotupa. Mabala anali kwina, m'nthiti, pantchafu ndi pamlomo. Ndinati mwina ndagonera mkono. Ndinapakapo mafuta otentha aja a pakantemba, kashopu ka m'mbali mwa msewu, n'kupitiriza ntchito, poti mwana wanga Takondwa anali woyamwa, ndipo matewera sadikira kuti mayi achire.

Kuti mumve bwino, ndibwerere kaye pa Loweruka lake.

Ine ndinkagulitsa vitumbuwa ndi maaisi pabwalo la mpira timu yathu ikamasewera pakhomo. Mpira weniweniwo sindiudziwa. Oudziwa ndi amuna anga, bambo a Takondwa, amene ankaimba ng'oma m'gulu la masapota. Chaka chapitacho timu inatsala pang'ono kutsika chifukwa chosagoletsa, ndiye akuluakulu ake anachotsa onse osewera kutsogolo n'kugula atatu atsopano. Wina anachokera ku Kopala, wina ku Lusaka, wina wamtali ankati ndi wa ku Kongo. Mwezi wonse kwathu kunalibe nkhani ina. Kumsika, kuchigayo, pa anyamata onyamula anthu panjinga, aliyense ankawerengeratu zigoli. Wina ankati zisanu, wina zisanu ndi ziwiri. Pa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atawaonapo anyamatawo akusewera. Bambo a Takondwa anandiuza kuti, "Amai a Takondwa, mukazinge mabeseni awiri. Uja wamtali akangoyamba, anthu adzadya osafunsa mtengo."

Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala. Ndinakhala kuseri kwa golo imene timu yathu inkayenera kumwetsa, chifukwa masapota amaunjikana komweko kuti aone zigoli pafupi, ndipo wogulitsa amatsata anthu. Mthunzi kunalibe. Ndinamasula chitenje changa chofiira, n'kumanga nsonga ziwiri pawaya wa mpanda, zinazo ndinapsinja ndi bokosi la maaisi, ndipo ndinagoneka mwana pansi pake. Wamtali uja anaphonya golo ili yasa, wa ku Kopala anamenya mtengo. Anthu anang'ung'udza, koma nyimbo zinali zikadalipo. Atapuma n'kusinthana mbali, gulu lonse linasamukira ku golo inayo. Ine ndinanyamula katundu ndi mwana, ndinawatsata, ndipo ndinamanganso nsalu yanga pawaya monga poyamba.

Chakumapeto tinapatsidwa penate. Wa ku Lusaka anauponya mpira kumwamba, unakagwera kuseri kwa mpanda. Pasanapite nthawi alendo anagoletsa. Ng'oma zinangoti zii. Ndiyeno ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Taonani nsalu ija! Inali uko, tsopano ili kuno. Watimangira golo mzimayi uyu!"

Ndinatembenuka ndikuseka, kuyesa ndi nthabwala. Botolo linandipeza pamlomo. Ndisanalavule magazi, wina anakankha beseni, wina anandigwira duku pamodzi ndi tsitsi. Ndinaona mapazi akuyandikira pamene panagona mwana, ndiye ndinadziponya pamwamba pake, mawondo ndi zigongono pansi, iye ali m'kati. Anandiponda. Anandimenya mateche kumanzere, pansi pa nthiti, pamalo amodzimodzi, mobwerezabwereza. Wina anali ndi jombo zolimba, ndinkazizindikira zikabwera. Ankakuwa kuti, "Masula! Masula golo, mfiti iwe!" Ambiri anali makasitomala anga. Mmodzi ndinamuona bwinobwino, akukuwa chitumbuwa changa chili m'kamwa. Nsalu anaing'amba pawaya n'kuiyatsa.

Amai Daka, amene amagulitsa nshawa zokazinga pafupi nane, anakwawa pakati pa miyendo ya anthu n'kusolola mwana pansi panga. Bambo a Takondwa anali chapatali. Anangomva kuti agwira mfiti, ndipo anathamanga nalo gululo, ndodo ya ng'oma ili m'mwamba. Atafika kutsogolo anaona patapata wanga. Anadzigwetsa pamsana panga akulira kuti ndi mkazi wanga, ndi mkazi wanga, nawonso analandira zawo. Chinatipulumutsa ndi utsi wokhetsa misozi umene apolisi anaponya.

Madzulo omwewo amuna anga anati tipite kuchipatala. Ndinakana ndine. Ndinkatha kuyenda, ndinkatha kuyamwitsa, ndinati ndi zilonda chabe. Komanso mbiri inali itafika kale mu komboni, ana pampopi ankanong'onezana kuti amai a golo. Ndinaopa kuti kuchipatala akandifunsa, nkhani ifika kupolisi, ndipo anyamata aja adzabwera kudzatentha nyumba imene tikuchita lendi.

Phewa lija silinasiye. Ndikagona chagada kapena kupuma mokoka mpweya linkabaya kwambiri. Lachiwiri ndinapita kukiliniki, nditadzikulunga chitenje mpaka m'khwapa. Anesi anandifunsa ngati ndinagwa kapena kugundidwa, ndinati ayi. Anafunsa za mlomo, ndinati ndi chitseko. Anagwira phewa, analitembenuza, sanapeze kanthu, ndipo anandipatsa panado. Sindingawanene. Anayeza chimene ndinawaonetsa.

Tsiku lotsatira ndinayamba chizungulire ndikaimirira. Ludzu silinkatha ngakhale ndimwe bwanji. Mimba inalimba kumanzere ndipo inkakana kukhudzidwa. Amai Daka atabwera kudzandiona anandigwira chikope n'kunena kuti m'maso mwayera ngati pepala. Ndinawauza kuti ndi kutentha. Lachinayi masana ndikuyanika matewera ndinatuluka thukuta lozizira, makutu analira, ndipo ndinagwa pansi pa chingwe. Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa. A Saidi, a golosale ya pafupi nafe, anatseka shopu makasitomala ali pakhomo n'kundinyamula pa galimoto yawo ya katundu, mutu wanga uli pamiyendo ya Amai Daka.

Ndinatsitsimuka ndili pabedi la matayala kuchipatala chachikulu, madiripu awiri ali m'mikono. Anesi atadula bulauzi anaona nthiti zanga, zakuda ndi zobiriwira, chidindo cha jombo chikuonekabe. Anayang'ana amuna anga kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwauza kuti adikire panja. Anawerama n'kundifunsa motsitsa mawu: "Amai, ndi awa achita izi? Musaope, pano sangalowe." Apo m'pamene ndinaulula zonse. Anapukusa mutu.

Anandiyendetsa kachipangizo kozizira pamimba, adokotala akuyang'ana pa kanema. Anati m'mimba mwadzaza magazi. Chiwalo chotchedwa kapamba, chimene chimakhala kumanzere pansi pa nthiti, chinang'ambika tsiku la mpira, chinkadontha pang'onopang'ono, ndipo tsopano chaphulika. Ndinafunsa za phewa. Anati, "Phewa lilibe mlandu. Magazi akafika pansi pa chifuwa, ululu umamvekera pamenepo. Mukanatiuza Lachiwiri, tikanadziwa." Amuna anga anasaina, ndipo anandilowetsa ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Chomaliza chimene ndinanena n'chakuti mwana sanayamwe.

Ndinadzuka ndi paipi m'mphuno, ina m'mimba yotulutsa madzi ofiira, ndi bala losokedwa kuchokera pansi pa chifuwa mpaka kupitirira mchombo. Kapamba anachotsa yense. Magazi anandiika, ndipo anapempha achibale kuti apereke ena. Bambo a Takondwa anapereka, kenaka anapita kukapempha ku gulu lawo la ng'oma. Pa chigulu chonse chija anabwera awiri. Anaima pakhomo la wodi zipewa zili m'manja, osandiyang'ana kumaso. Ndinawathokoza. Sindinafunse ngati mapazi awo anali pakati pa aja, ndipo mpaka lero sindinafunse.

Moyo wa m'wodi ndi kudikira. M'mamawa amayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, kenaka okolopa amatulutsa odikirira odwala onse panja. Ukatero umadikira adokotala, umadikira otsuka bala, umadikira ola la alendo. Masiku oyamba sanandilole kudya kapena kumwa, ankangondinyowetsa milomo ndi thonje. Kutsokomola kunali ngati andipondanso, ndiye anesi anandiphunzitsa kukumbatira pilo pamimba. Anandikakamiza kudzuka msanga. Ndinayenda kuchokera pabedi mpaka pazenera nditagwira mtengo wa diripu, ndikuwatukwana mumtima, koma ankadziwa chimene ankachita. Bala linachita mafinya kumunsi, thupi linatentha, ndipo anamasula ulusi wina n'kumalitsuka tsiku lililonse. Izi zinandichedwetsa kutuluka.

Chimene chinkandisowetsa tulo si bala ayi, koma mwana. Takondwa anatsala ndi Amai Daka, akumwa phala lamadzi ndi supuni. Atabwera naye koyamba anandiyang'ana, anaona mapaipi, n'kubisa nkhope. Mkaka unali utachepa kwambiri. Anesi ena achikulire anandiuza kuti ndisataye mtima, ndizimuika kubere ngakhale mutuluke kadontho, ndizimwa madzi ndi thobwa. Ankatsamiritsa pilo pabala, mwana pamwamba pa pilo. Pang'ono ndi pang'ono mkaka unabwerera, ndipo tsiku limene anagona ali kubere ndinalira osabisa.

Loweruka lina masana, wodikirira wodwala wa bedi loyandikana nane anatsegula wailesi ya pafoni. Timu yathu inkasewera pakhomo. Ndinatembenukira kukhoma, mtima ukugunda ngati ndili pansi paja. Mpira utatha, anesi aja anaona chidindo cha jombo anabwera ndi mankhwala, nkhope ili gwa, n'kunena kuti, "Amai a Takondwa, tiuzeni zoona. Nsalu ina mwaimanga kuti? Poti lero aluzanso, ndipo wamtali wanu uja waphonya ziwiri." Wodi yonse inaseka. Ine ndinaseka nditakumbatira pilo, misozi ili mbwee, theka kuseka theka ululu. Kuyambira tsiku la mpira lija, aka kanali koyamba kumva munthu wakunja akunena poyera kuti vuto silinali ine.

Ndinatuluka mvula yoyamba itagwa. Adokotala anandilangiza kuti munthu wopanda kapamba amakhala bwinobwino, koma thupi lake sililimbana ndi matenda ngati kale, makamaka malungo. Anandibaya katemera, anati ndizigona m'neti chaka chonse, ndipo thupi likangotentha ndipite tsiku lomwelo, osadikira mawa, n'kukanena pakhomo pomwe kuti ndilibe kapamba. Zinandichitikirapo kamodzi. Ndinapita m'mawa womwewo, anapeza malungo, ndinachira msanga. Miyezi yoyamba sindinkanyamula chidebe, madzi ankatunga ndi bambo a Takondwa, anzawo akuwaseka pampopi.

Lero ndili bwino. Bala limayabwa kukazizira, ndipo phokoso la anthu ambiri likadzuka mwadzidzidzi ndimayang'ana kothawira. Takondwa akuyenda, akuthamangitsa nkhuku za eni nyumba. Vitumbuwa ndimagulitsa pageti ya sukulu. Ng'oma ija ili pamwamba pa kabati, amuna anga sanaikhudzenso, mpira amamvera pawailesi ali pakhonde. Anyamata atatu aja anawagulitsa chaka chisanathe. Ndamva kuti agula ena, ndipo kumsika ayambanso kuwerengeratu zigoli.

Kwa amayi anzanga ndi wina aliyense, mawu anga ndi awa. Mukamenyedwa, mukagwa kapena kugundidwa pamimba kapena m'nthiti, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukutha kuyenda. Magazi otayikira m'kati saoneka pansalu. Phewa likayamba kupweteka popanda bala, chizungulire, ludzu, thukuta lozizira, musapake mafuta. Ndipo mukafika, masulani chitenje, onetsani pamene pali bala, nenani chimene chinachitika ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Anesi si alauli. Ine ndinaphimba nthiti zanga poopa pakamwa pa anthu, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya mwana woyamwa chifukwa cha zigoli za anyamata atatu amene sankadziwa n'dzina langa lomwe.