Tsitsi Lofiira la Tshiala Mujinga

Aliyense wa ku Matonge, dera lina la mumzinda wa Brussels, amene anakwerapo tiramu ya m'mawa, kasitima koyenda mumsewu kaja, ankamudziwa Tshiala Mujinga, ndipo ankamuzindikirira kumbuyo, asanaone n'komwe nkhope. Tsitsi limenelo! Lofiirira ngati njerwa yootcha bwino, lowongoka, lomangidwa kamfundo kamodzi pankhongo. Madalaivala anzake mu Brussels monse ankamutchula kuti Kamoto, iye n'kumavomera mokondwa. Munthu akangoliyamikira, yankho linali lomwelo kwa zaka makumi atatu: "Ndi la mayi anga. Kwawo limatuluka chonchi."

Mayi akewo sankawakumbukira. Anafera limodzi ndi bambo ake pangozi ya lole kufupi ndi mzinda wa Kananga, kudziko lakwawo, Tshiala ali ndi zaka zinayi. Sanasiye chithunzi, sanasiye nsalu, ngakhale ndolo imodzi yokha. Mwanayo anatengedwa ndi azakhali ake, a Godelive, mchemwali wa bambo ake, amene anali ndi saluni ya mipando itatu pakati pa wogulitsa nsomba zouma zamchere zotchedwa makayabu ndi telala wa zitenje. Matonge yense ankawaitana kuti Tantine, kutanthauza azakhali. Anali mayi wapakamwa, wotha kukulalatira uku akukuikira chakudya m'mbale.

Tshiala ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kutatsala sabata kuti alandire Ukaristia koyamba, a Tantine anamupaka mankhwala owongola tsitsi. Anamupakanso, n'kumupakanso, ndipo chaka chisanathe tsitsi lakuda lija linayamba kufiira. Lamulungu lina amayi a kutchalitchi anamuyang'anitsitsa m'mutu, akugwedezana ndi zigongono. Mwanayo anafika kunyumba misozi ili chuchuchu.

"Ukulira chiyani, chitsiru iwe?" anatero a Tantine. "Mayi ako abwera kudzakuona, iwe n'kumalira? Tsitsi lawo linali lomweli. Kwa mayi ako tsitsi limamera lakuda, kenako limapsa ngati mango."

Mwana wamasiye ukamuuza zotero, wamupatsa dziko. Kuyambira tsiku limenelo Tshiala sanaphonyepo ritachi, kupakanso mankhwala tsitsi likamera. Milungu isanu ndi umodzi ikatha, Loweruka, ali pampando wapakati. A Tantine ankapaka kuyambira kumizu mpaka kunsonga, akatero n'kupita pakhomo kukakangana ndi wamakayabu, mankhwala akudya m'mutu mwa mwana.

"Tantine, akuwawa!"

"Pirira! Mayi ako sankadandaula."

Akamamutsuka ndiye nthano zinkatuluka: kuti mayi ake anali amanzere ngati iye, kuti akamaseka ankadzimenya pantchafu, kuti ankadana ndi therere. Tshiala ankatola zonsezo n'kusunga. Anakula, anaphunzira kuyendetsa tiramu, anakwatiwa, ukwati unatha, koma mutu wake sunagwidwepo ndi manja ena. "Manja a eni adzakuonongera cholowa," ankatero a Tantine, ndipo iye ankamvera.

Kenako kunabwera chaka cha mliri chija, masaluni n'kutsekedwa. Atatsegulidwa, a Tantine sanatsegule yawo: anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndi matenda a shuga pamwamba, ndipo dokotala anawaletsa kukhala pagulu. Tshiala sanade nkhawa. Tsitsi linamera chala chimodzi, lakuda. Zala ziwiri, lakuda. Iye anangoti likupsa. Masiku opuma ankakhala pawindo, mutu padzuwa, kuti mwina lifulumire. Miyezi isanu ndi itatu inatha, theka la mutu lili bii ngati makala, kufiira kutathawira kunsonga.

Tsiku lina masana, akudya kudepoti, anavula kapusi yantchito. Nsimba, dalaivala mnzake amene kale ankakonza tsitsi, anasiya supuni.

"Iii, Kamoto! Moto wazima kodi?"

"Likupsa. Kwa mayi anga limachedwa."

Nsimba anaseka mpaka kutsamwa. Atakweza maso n'kuona kuti mnzakeyo sakuseka, nayenso anasiya.

"Mwali, ukunenadi zoona? Tsitsi si mango. Mankhwala aja akamawongola tsitsi amadyanso kuda kwake. Ukawasiya nthawi yaitali, n'kumabwereza pomwe unapaka kale, limafiira basi. Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zisanu ndi ziwiri ine. Ritachi timapaka lomera kumene lokha. Ndani amakupaka mpaka kunsonga?"

Tshiala anaimirira. Anavala kapusi yake n'kukakwera tiramu. Masana amenewo anapitirira masiteji awiri osaima, anthu akuimba belu ndi kutukwana, chinthu chimene sanachitepo pa zaka khumi ndi zisanu zantchito.

Lamulungu anapita kwa a Tantine. Anawapeza kukhitchini akutakasa pondu, ndiwo ya chigwada, wailesi ikuimba. Sanapereke moni. Anazimitsa wailesiyo, n'kumasula tsitsi lonse pamaso pawo.

"Tantine, tayang'anani. Lipsa liti?"

"Ukulowa m'nyumba mwanga ngati wapolisi bwanji? Khala pansi."

"Lipsa liti?"

Gogoyo anayang'ana mumphika. Bodza la zaka makumi atatu silitha ndi kupepesa, limatha ndi kudzikanira, ndipo a Tantine anayamba ndi ukali.

"Iwe sunamve zimene ankanena afiti a kutchalitchi aja! Kwathu mwana wofiira tsitsi ndi mwana wa njala, sukudziwa? Ankati Godelive akumana chakudya mwana wa mchimwene wake. Ine! Amene ndinkagona ndi tiyi kuti iwe udye nyama! Ndiye ndikanati chiyani? Kuti ayi, si njala, ndi ine ndamupsereza ndi mankhwala? Ndani akanakhalanso pampando wanga?"

"Chabwino, munanamiza iwowo. Nanga ine?"

"Unali mwana. Ukanakaulula."

"Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, Tantine! Munkadziwa kuti sapaka mpaka kunsonga. Munkadziwa kuti sasiya nthawi yonse ija. Munkandiotcha dala, ine ndikulira, inu n'kumandiuza kuti mayi anga sankadandaula!"

"Unkalikonda," anatero a Tantine, mawu atatsika. "Tsiku limene ndinakuuza zija unasiya kulira usiku. Ukanakhala ine ukanatani?"

Tshiala anamva mkwiyo ukumukwera mpaka m'makutu, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Panali funso limodzi limene linamubweretsa, ndipo tsopano ankaopa kulifunsa.

"Tsitsi la mayi anga linali lotani?"

A Tantine anatseka moto. Anapukuta manja pachitenje, ngakhale sanali onyowa.

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa bwanji? Anali mlamu wanu!"

"Mchimwene anakwatira ine ndili kale kuno. Mayi ako ndinawaona kawiri kokha, nditapita kumaliro a agogo ako. Kawiri konseko anali atavala duku."

Tshiala sanalire, misozi inakana. Anangomva ngati am'bera m'nyumba iye ali momwemo, wakubayo akumuphikira ndi kumufunditsa. Mayi amene anawanyamula pamutu zaka zonsezi, amene ankawasonyeza kwa alendo m'tiramu, sanali mayi ake. Anali mankhwala a m'chitini.

Anasonkhanitsa tsitsi lake, kulimanga mwachisawawa, n'kutola chikwama.

"Osadya kaye?" anafunsa a Tantine.

"Ndakhuta."

Anafika pakhomo. Kumbuyo kwake anamva mapatapata akukhwekhwereza, kenako mawu aja, ofewa tsopano, a munthu amene akuganiza kuti akuchita chifundo.

"Tshiala, mwanangu. Chitini chimodzi chinatsala, chili m'kabati. Bwera Loweruka ndidzakukonze. Kawiri katatu lidzabwerera mwakale, palibe adzadziwe."

Sanapiteko Loweruka limenelo, ndipo sanapondekonso mpaka chaka chinatha. Tsitsi lofiira lija analidula yekha ndi sizasi yodulira nsalu. Koma akamafotokoza nkhaniyi, Tshiala amati bodza lija si limene limamuwawa kwambiri. Chimene chimamuwawa n'chakuti atamva za chitinicho anaima pakhomopo, dzanja lili pachitseko, akuganiza zovomera.